Amakaniko, yezani kaye musanadule mawaya

Ndatopa nazo ine. Katatu mwezi uno Vitz yanga inakana kulira m'mawa. Ndikapotokola kiyi imangoti "ti-ti-ti", magetsi a pa dashibodi n'kuzilala. Ndi ya otomatiki, ndiye zokankha palibe, ana n'kumachedwa kusukulu.

Makaniko woyamba sanayeze n'komwe, anangoti batire yatha. Ndinagula yatsopano. Wachiwiri anati sitata. Wachitatu anasintha mapulagi. Mapulagi anayamba liti kutembenuza injini? Yemweyo atapeza fyuzi yopsa anangomangapo kawaya m'malo mwake. Galimoto ikayaka moto pamsewu adzandilipira ndani? Pansi pa chiwongolero mawaya ndi odukaduka, osenda ndi mano, okulunga ndi jumbo.

Kodi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndi yodula bwanji? Batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, pafupifupi 14 ikulira. Mphindi ziwiri zokha!

Vuto lonselo linali waya wa earth wochokera ku batire kupita ku bodi. Unachita dzimbiri, bawuti yake ikugwedera. Mnyamata wina anaupala ndi sandipepa, n'kumanga ndi sipanala ya 10, galimoto inalira pompo. Batire yanga yakale, yabwinobwino, makaniko woyamba uja mpaka lero akukana kundibwezera.