Chenjezo kwa makolo amene munasiya kupemphera ndi ana

Makolo anzanga, ndakhala ndikuona izi nthawi yaitali, lero ndinena poyera. Mwana wa zaka 9 amatsegula yekha foni yanu n'kupeza chilichonse pa YouTube, koma mukamuuza kuti atsogolere pemphero amangozolika. Inu mumamuseka, kapena kumukalipira pamaso pa alendo. Mukumukalipira chiyani? Anakuonani liti inuyo mutagwada?

Mumadziteteza kuti amapita ku Sande sukulu. Sabata ili ndi maola 168, inu mwapereka limodzi kwa mphunzitsi n'kusamba m'manja. Pa Deuteronomo 6:7 ntchitoyi anaisenzetsa kholo: mukakhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. M'mera n'poyamba.

Kawerengeninso 1 Samueli 3. Samueli ankagona m'nyumba ya Yehova ku Silo, komwe kunali likasa la chipangano, komabe vesi 7 likuti anali asanamudziwe Yehova. Kugona m'kachisi sikunamuphunzitse kuyankha. Anaitanidwa ndi Yehova katatu, katatu konse n'kuthamangira kwa wansembe Eli, mpaka mkuluyo anachita kumuuza mawu oti anene. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti Eli yemweyo, wodziwa kuongolera Samueli mwana wa Hana, analekerera ake, Hofeni ndi Finehasi. Anawadzudzula atakula kale, iwo osamva. Anafa tsiku limodzi kunkhondo, ndipo bambo wawo, wa zaka 98, atamva kuti likasa lalandidwa anagwa chagada pampando n'kuthyoka khosi. Ndikunena inu akulu ampingo, amene mumapempherera ana a eni mokweza mawu pomwe anu sanamvepo dzina lawo m'pemphero lanu.

Ena mumapemphera nawo inde, koma mwasandutsa pemphero mkwapulo. Mwana akalakwa masana, usiku mumuneneza kwa Mulungu abale ake akumva: "Ambuye, muoneni wamwano uyu." Mawa adzafunanso kugwada ameneyo? Enanso mumatalikitsa mpaka ana kuwodzera, ngati kuti Yesu sanachenjeze pa Mateyu 6:7 za kuchulukitsa mawu.

Ophunzira a Yesu anali amuna akuluakulu, koma pa Luka 11:1 mmodzi wa iwo anapempha kuti awaphunzitse kupemphera, ndipo anatero atamuona akupemphera. Yesu anawapatsa Pemphero la Ambuye, pemphero lalifupi loti ndi mwana yemwe angaloweze. Yambirani pomwepo. Mufotokozereni kuti "mutikhululukire" akutanthauza chiyani, ndipo tsiku limene mwamulakwira inu, akumveni mukupepesa kwa iye ndi kwa Mulungu.

Usiku uno zimitsani TV ana asanagone, foni ikhale patali. Gwadani nawo, muyambe inu, kenako wamng'ono anene zake. Akapempherera mnzake wodwala kapena mayeso amene akumuopsa, mawu akamuthera panjira, musamudule ndipo musaseke. Mudikireni amalize, nonse munene Amen.