Mwana athandizidwe kaye, za ndalama mukangane pambuyo

Ku Canada kuli mfundo yotchedwa Jordan's Principle, yonena kuti ana a eni nthaka otchedwa First Nations azithandizidwa msanga, osadikira kuti maboma agwirizane za wolipira. Ine ndimaiona kuti ndi yolondola, koma boma likuiyendetsa mokokakoka.

Jordan River Anderson anali mwana wa ku Norway House Cree Nation, m'chigawo cha Manitoba. Anabadwa mu 1999 ali ndi matenda ovuta, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Winnipeg. Atakwanitsa zaka ziwiri, madokotala anati akhoza kutuluka n'kumasamalidwa panyumba. Apa ndiye panabuka kukankhirana. Boma lalikulu la ku Ottawa ndi lomwe limayang'anira za eni nthaka a First Nations okhala m'madera awo osungidwa, pomwe zaumoyo za anthu ena ambiri zili m'manja mwa maboma a zigawo. Aliyense ankati alipire ndi mnzake, mpaka kukanganirana kachipangizo kosambira. Jordan anamwalira mu 2005 ali ndi zaka zisanu, osagonako ngakhale usiku umodzi panyumba.

Makolo a anthu a ku Norway House anasaina ndi boma pangano la za malo la Treaty 5 mu 1875, ndipo mpaka lero ndalama ya panganolo ndi madola 5 pamunthu pachaka. Boma limene linapeza dziko lalikulu chonchi kudzera m'mapangano lisamayankhule ngati likuchitira ana amenewa chifundo. Ndi ngongole.

Mfundoyi ndi yosavuta. Ofesi ya boma imene kholo lafikako koyamba ndiyo ilipire, kenako ikalonjerere ndalama zake kwa inzake. Nyumba ya malamulo inavomereza zimenezi mu December 2007 popanda wotsutsa. Koma pogwiritsa ntchito, boma linaipanikiza: mwana azikhala wolumala m'njira zingapo, azithandizidwa ndi mabungwe angapo, komanso pakhale mkangano woonekeratu pakati pa maboma awiri. Ndi sefa yotere, zaka zinadutsa ana osapindula. Zinatengera Cindy Blackstock ndi bungwe lake lomenyera ufulu wa ana la Caring Society, pamodzi ndi bungwe la atsogoleri a eni nthaka la Assembly of First Nations, kukadandaula ku bwalo loona za ufulu wa anthu la Canadian Human Rights Tribunal. Mu January 2016 bwalolo linagamula kuti boma limasala ana a First Nations.

Tsopano kholo kapena womulera mwana amapempha ku Indigenous Services Canada, nthambi ya boma yothandiza eni nthaka, nthawi zambiri ndi kalata ya dokotala, mphunzitsi kapena katswiri wina wofotokoza chosowacho: njinga ya olumala, makina othandiza kumva, wophunzitsa mwana kuyankhula, mayendedwe opita kuchipatala. Bwalo lija linaika nthawi: pempho ladzidzidzi la mwana mmodzi liyankhidwe m'maola 12, lina lililonse m'maola 48. La gulu la ana, maola 48 ngati ndi ladzidzidzi, apo ayi sabata imodzi.

Pothina ndi pomwepa. Pofika kumapeto kwa 2024, mapempho pafupifupi 140,000 anali ataunjikana osayankhidwa. Ena amati makolo akupempha zinthu zosayenera. Alipo otero, sindikukana, koma gwero si limenelo. Sukulu ya m'dera ikakhala yopanda mphunzitsi wa ana ovutika kuphunzira, kiliniki ikakhala yopanda katswiri, banja lililonse limalemba pempho lakelake pa chinthu chimene chikanaperekedwa kamodzi kwa mudzi wonse. Mapempho adzidzidzi amasakanikirana ndi wamba. Ogwira ntchito zothandiza ana akachedwa kulipidwa amasiya, ndipo mayi amene analipira yekha poyembekezera kubwezeredwa amatsala ndi malisiti m'chikwama. Banja lakutali, lopanda intaneti yodalirika kapena dokotala wolemba kalata, ndi limene limathera kumchira wa mzere.

Mu 2023 khoti linavomereza chipepeso cha madola 23.3 biliyoni kwa ana ndi mabanja amene analakwiridwa. Ndalama zimenezo n'zolipira zakale. Zofunika panopa n'zakuti boma liike ndalama zokwanira, zodziwikiratu chaka ndi chaka, m'masukulu, m'makiliniki ndi m'mabungwe osamalira ana oyendetsedwa ndi a First Nations eni ake, lilembe antchito okwanira osankha mapempho adzidzidzi tsiku lomwelo, ndipo lizilengeza mwezi uliwonse kuti ndi mapempho angati amene adutsa maola 48.