Kompyuta yakale ija musaipititse pa sikelo

Mwezi watha ndinaima kuseri kwa msika wa Kasungu, paja pamakhala anyamata ogula zitsulo zakutha, ndikuonerera mnyamata wina akuphwanya makompyuta ndi hamala. Analipo anayi, a mabokosi oyererako aja tinkawaona m'maofesi kalelo. Akatsegula amazula mawaya pofuna kopa, motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse za m'kati zimalumikizidwapo) n'kuponya m'thumba, chibokosicho n'kukweza pa sikelo. Awiri anali atapita kale. Yachitatu ndinaipulumutsa hamala ili m'mwamba. Ndinapereka ndalama yosakwana kugula nkhuku, n'kuikweza pa kabaza mpaka kunyumba.

Mnyamatayo ndilibe naye mlandu, akusaka ya ufa ngati tonsefe. Mawu anga akupita kwa inu amene muli nayo kompyuta yotere m'chipinda chosungira katundu kusukulu, kuseri kwa kabati kutchalitchi, kaya pansi pa bedi, mukungodikira tsiku limene wasikelo adzadutse. Chonde musamupatse. Chinthu chimenecho chikhoza kudzuka, ndipo chikadzuka chimaphunzitsa mwana zimene foni yodula singamuphunzitse.

Kunyumba ndimakhala ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 2. Kusukulu kwawo phunziro la kompyuta lilipo, koma ndi la choko. Amajambula CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta) m'kope, amaloweza tanthauzo la RAM (mmene kompyuta imasunga kwakanthawi zimene ikugwira), mayeso amakhoza bwinobwino, koma RAM yeniyeniyo anali asanaigwirepo chibadwire. Ndinamupatsa sikuludiraiva kuti atsegule yekha. M'katimo tinapezamo fumbi lofiira lija la ku Kasungu kuno, mazira a mphemvu, ndi chisa cha mavu chomata pa fani. Pansi pa zonsezo panali Pentium III, purosesa imene Intel inatulutsa mu 1999, iye asanabadwe ndi zaka zoposa khumi.

"Amalume, tiyatse tione," anatero atagwira kale chingwe.

Ndinamuletsa, ndipo apa ndiima pang'ono chifukwa makina ambiri amafera pamenepa. Kumbuyo kwa power supply (bokosi lolandira magetsi a kukhoma n'kuwagawa m'kati) ya makompyuta ambiri akale kuli kaswitchi kofiira, mbali ina kolembedwa 115, mbali ina 230. Magetsi athu kuno ndi a 230. Makina ena anafika kuno ngati kaunjika kuchokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba mphamvu yake ndi theka la athuwa. Kaswitchiko kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza, mungomva phuu! kenako fungo la chopserera, basi kwatha. Zaka zapitazo ndinataya makina abwino kwambiri m'njira imeneyi ndipo mpaka lero zimandiwawa. Choncho musanagwire chingwe, yambani mwasuzumira kumbuyo.

Tinaitulutsa panja. Fumbi tinauzira ndi mpope wa njinga, chala chili pa fani kuti isazungulire mopenga. Mswachi wakutha ndi spiriti pang'ono zinachotsa zotsalazo. RAM tinaizula, mano ake agolide aja tinawapukuta ndi labala yofufutira pensulo, n'kuibwezera mpaka inalira kuti khe. Kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kanali katatha kalekale. Ndi ka mavoti 3, ndipo ntchito yake n'kusunga tsiku, nthawi ndi zimene munatchera mu BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta mukaiyatsa. Kakatha, kompyuta imadzuka ili m'chaka china n'kumadandaula nthawi iliyonse mukaiyatsa. Kamapezeka kwa okonza mawotchi, sikavuta. Phala loyera limene limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira linali litauma gwa ngati mkute wa dzana, tinapala n'kupaka latsopano.

Kenako ndinamuonetsa makapasita, timigolo ting'onoting'ono timene taima ndondondo pafupi ndi purosesa. Mutu wa kapasita wabwino umakhala wafulati. Ukatupa, kapena pakatuluka zofiirira ngati dzimbiri, ameneyo wadwala. Makina ambiri a pakati pa 1999 ndi 2007 anagwidwa ndi nthenda imeneyi chifukwa makapasita ambiri a nthawi imeneyo anapangidwa ndi madzi a m'kati osasakanizidwa bwino. Kompyuta yake imangozima yokha, kapena kukana kudzuka, mwini wake n'kunena kuti yafa. Mtsikanayo anayendetsa maso, n'kupeza atatu otupa, mmodzi ine ndisanamuone. Tinapita nawo kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi depoti. Bamboyo kompyuta saidziwa, koma chowotcherera chili m'manja mwake kwa zaka zambiri. Anawerenga manambala olembedwa pambali, anayang'ana mbali ya mzere kuti asatembenuze miyendo, n'kuika ena. Luso lofunika pa ntchito imeneyi lilipo kale m'tauni mwathu muno, lakhala pa benchi, likudikira wailesi zimene anthu anasiya kubweretsa.

Madzulo ake tinalumikiza. Fani inazungulira, padutsa kamphindi, kenako kulira kumodzi kwakufupi: tii. Amene munagwirako makinawa mukudziwa kuti kulira kumodzi koteroko ndiye kuti zonse zili m'malo. Mwanayo anadumpha n'kukaitana anzake a nyumba yoyandikana. Sanawauze kuti amalume akonza kompyuta. Anati takonza.

Hard disk, mosungira mafayilo muja, yokha ndi imene sinachire, inkangogogoda m'kati. M'malo mwake tinaika memory card ya CompactFlash pa kadaputa kolowa pa lamba wa IDE, uja wotambalala wa mabowo 40 wokhala ndi mzere wofiira mbali imodzi. Kadaputako ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe. Tinaikamo Windows 98. Amene mukufuna kuyesa dziwani kuti Windows 98 imayamba kuvuta RAM ikapitirira 512 MB, ndipo fulashi siiwerenga mpaka mutaipatsa driver, kapulogalamu koidziwitsa chipangizocho. Komanso musailowetse pa intaneti. Microsoft inasiya kuisamalira mu 2006, Windows XP mu 2014, ndiye chitseko chake n'chosatseka. Ikhale yokha pakona, sifunika bandulo.

Tsono magemu.

Ine kompyuta ndinayamba kuigwira pamalo ena otayipira makalata pa boma pano, eni ake akaweruka. Gemu yoyamba inali Dangerous Dave, kamunthu ka chipewa chofiira kodumpha moto n'kumatola chikho kuti chitseko chitseguke. Kenako Prince of Persia, imene imakupatsa mphindi 60 zokha kuti utuluke m'ndende n'kupulumutsa mwana wa mfumu. Jordan Mechner anaitulutsa mu 1989, ndipo kuti kamunthuko kazithamanga ngati munthu weniweni, anajambula mng'ono wake pa kamera akuthamanga ndi kudumpha, n'kutsanzira chithunzi chimodzichimodzi. Nditawauza anawo zimenezi anakhala chete. Sanaganizepo kuti gemu imapangidwa ndi munthu wokhala ndi mng'ono wake ngati iwowo. Tinaikamonso Road Rash ya njinga zamoto ija, ndi Doom ya 1993 imene gawo lake loyamba eni ake a id Software analola kuti anthu azigawana ulere. Koma imene yalanda nyumba ndi FIFA 98, chifukwa muli matimu a mayiko amene anapikisana nawo pofuna malo ku World Cup ya ku France, ndipo Malawi ilimo. Mnyamata wa nyumba yoyandikana watenga Flames n'kuilumbirira kuti aifikitsa ku France. Pano wagwa kawiri, sanasiye.

Wina anena kuti ndiye ndasonkhanitsa ana kuti azisewera m'malo mowerenga. Taonani bwino zimene zimachitika. Gemu yakale siimangotseguka ukaigusa ndi chala. Kuti Doom iyambe, mwana alowe mu DOS, mmene kompyuta umailamula polemba mawu, alembe cd, alembe dir, apeze fayilo yoyenera. Akalakwitsa chilembo chimodzi, kompyuta imukanira. Tsiku loyamba gemu inayamba koma yopanda mawu. Ndinamusiya mtsikana uja avutike nayo. Anatsegula setup, anasankha khadi la mawu la Sound Blaster, n'kuyamba kusaka manambala ake: anaika 220, anayesa IRQ 7 osatheka, anayesa 5, DMA 1, mfuti inalira m'masipika. Palibe mphunzitsi amene anamutuma, palibe mayeso amene ankawaopa. Ankangofuna kumva mfuti. Gemu ndi nyambo chabe, mbedza yake ndi imeneyi: mwana amazolowera kuti makina akakana pamakhala chifukwa, ndipo chifukwacho munthu angathe kuchisaka n'kuchipeza. Pano akamva kulira kwachilendo poyatsa, amayamba yekha kukankha RAM asanandiitane.

Foni ilibe khomo lotere. Ndi yomata ndi guluu, ikafa umangoipereka kwa wina kapena kuitaya. Ndipo magemu ambiri a pafoni masiku ano ali ndi dzanja m'thumba mwako. Ena amadula masewero pakati kuti uonere malonda, ena amafuna ugule moyo wina. Choopsa kwambiri ndi kandege kaja kobetchera ndalama pafoni. Ndaona ndi maso anga anyamata pa boma pano akuika ndalama ya soya, ena ya fodya amene makolo awo anakagulitsa ku Chinkhoma, n'kumayang'ana kandege kakuuluka mpaka zonse zitapita. Nawonso amati akusewera gemu. Dave sanapemphepo munthu tambala. Ukagwera pamoto umayambiranso, chimene wataya ndi mphindi ziwiri.

Mnzanga wina amene timapemphera limodzi anandifunsa mosabisa: "Achimwene, anthu akulira fetereza, inu muli kalikiliki ndi zidole za azungu?" Funso lake ndi lolemera ndipo sindinalipeputse. Nanenso ndimalima, mtengo wa thumba ndikuudziwa. Koma makinawa sanalande thumba la munthu. Anali pa ulendo wopita ku hamala. Ndipo mwana amene lero wazindikira kapasita wotupa pa Pentium III ndi yemweyo amene mawa adzatsegule inveta ya sola ikafa kumudzi, mmalo moti anthu aikweze basi kupita nayo ku Lilongwe. Zida zamagetsi zikuchuluka m'midzi mwathu kuposa anthu ozidziwa m'kati. Anthu amenewo sadzagwa kumwamba, ayambira pa chinthu chimene akuloledwa kuchitsegula popanda wowakalipira kuti chodula.

Enanso amati bwanji osangoika DOSBox, pulogalamu yoyendetsera magemu a DOS pa makina amakono, pa laputopu, magemu omwewo amayenda. N'zoona, amayenda, ndipo amene mulibe malo kapena makina akale chitani zimenezo, musamanidwe. Nanenso ndimaigwiritsa ntchito poyesa gemu ndisanaisamutse. Koma DOSBox imakupatsa gemu yokha, sikupatsa sikuludiraiva. Pa nkhani ya magetsi ndiye ndikuvomera ndithu: makinawa amadya mayunitsi kuposa laputopu, makamaka ukawaphatikiza ndi sikirini ya chimbuyo ija ya CRT. Kwathu tinagwirizana kuti imayaka Loweruka masana ndi Lamulungu tikabwera kutchalitchi, homuweki itatha. Magetsi akathima timazula chingwe kukhoma, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali ndipo power supply yokalamba sipirira.

Za sikirini ya CRT ndinenepo mawu amodzi mwamphamvu. Magemu akalewa amaoneka bwino pa iyo, chifukwa anapangidwira iyo. Doom inkayenda pa timadontho 320 m'litali ndi 200 m'lifupi, ndipo pa sikirini yafulati yamakono imaoneka yophwanyika ndi yokokedwa m'mbali. Ndiye mukaipeza CRT yamoyo, isungeni. Koma musaitsegule, ndipo mwana asayerekeze n'komwe. M'kati mwake mumatsala magetsi a mavoti masauzande ambiri ngakhale mutaizula kukhoma. Chimodzimodzi bokosi la power supply: likafa sinthani lonse. Kwathu lamulo ndi limeneli, bokosi lalikulu tsegulani mmene mungafunire mutazula chingwe, koma ziwiri izi ndi za amisiri okhaokha.

Chimene chimandipweteka n'choti makina amenewa sakupangidwanso. Iliyonse imene yapita pa sikelo yapita ndithu. Kumayiko ena anthu akuzifunafuna, akugula ndi ndalama zambiri zinthu zimene ife tikuyeza pa kilo. Ife tinazilandira mochedwa, zitagwira kale ntchito kwina, ndiye tinazolowera kuziona ngati zotsalira za eni ake. Koma kalata zofunsira ntchito za anthu ambiri a m'boma lino zinatayipidwa pa makina amenewa. Mayeso a masukulu athu, mapulogalamu a maukwati, ndi mbiri za anthu zowerengedwa pamaliro zinadutsa m'menemo. Ndi zathu.

Aphunzitsi akuluakulu, abusa, ndi inu a m'maofesi kuyambira pa boma pano mpaka ku Santhe, Chamama, Mtunthama ndi Nkhamenya: ngati malamulo a katundu wa pamalo panu akulola, tulutsani makina aja. Chotsani hard disk ngati muli zinsinsi za anthu, imeneyo sungani kapena iphwanyeni, palibe vuto. Zotsalazo perekani kwa ana anayi kapena asanu ndi munthu wamkulu mmodzi wowayang'anira. Pa makina atatu akufa nthawi zambiri pamatuluka imodzi yamoyo, ina yapereka RAM, ina power supply.

Yachinayi ija ndinabwerera mawa lake kukaitenga, ndinapeza itaphwanyidwa kale. Mnyamatayo anandilola kufufuza m'thumba mwake, ndipo ndinatolamo khadi la zithunzi la AGP ndi malamba awiri a IDE. Panopa tili ndi Pentium 4 ina imene mayi wina wa ku mpingo kwathu anatipatsa. Ikuyaka koma sikirini ili bii, ndipo ikulira katatu. Mtsikana uja wanena kuti ndisaikhudze mpaka Loweruka, akufuna aipeze yekha. Ngati alipo wa kuno ku Kasungu amene ali ndi RAM ya DDR yoyamba ija imene sakuigwiritsa ntchito, kapena kiyibodi ya pulagi yozungulira ya PS/2, andiuze, ndibwera ndekha kudzatenga.