Akangaude ofiira atikwana m'madimba

Abale akangaude ofiirawa atitopetsa kuno ku Angónia. Kukangotentha mu Okutobala basi ali mbwee pa matimati, tizilombo tating'ono ngati fumbi tobisala kunsi kwa masamba, pomwe ukuzindikira masamba achita kale timadontho tachikasu, kenako ulusi wawo uja yangaa, mbewu kuuma ili chiimire. Chikundiwawa n'choti anthu akungopopera cypermethrin pamwamba pokha, mankhwala a mbozi amenewo amapha ndi tizilombo todya akangaudewo ndiye amaswana kuposa kale. Gulani abamectin, mankhwala opha akangaudewa, mupopere kunsi kwa tsamba! Inunso aneba, mukakolola zulani mitengo yakaleyo muwotche, mukumaisiya m'dimba mphepo n'kumatibweretsera ife. Pa mbatata ya kachewere ndi mnadzi wa m'mphepetewo amakhalaponso.