Test ikamagwa mwa apo ndi apo, musaigoneke ndi sleep

Lero ndatsegula pull request ya mnzathu wina kuntchito (pempho loti zimene wasintha mu code zilandiridwe), mtima wandiwawa mpaka pano. Wasintha mzere umodzi wokha basi. Pamene panali Thread.sleep(2000), lamulo loimitsa pulogalamu masekondi awiri, waikapo Thread.sleep(5000), kenako n'kulemba pansi monyadira kuti wakonza test ina yovutavuta (test ndi kapulogalamu koyesa ngati code ikugwira bwino ntchito). Mwakonza chiyani, achimwene? Simunakonze kalikonse. Mwangouza kompyuta kuti igone masekondi atatu owonjezera, n'kuyembekeza kuti ikadzuka vuto likhala litachoka lokha.

Test imeneyo imatumiza uthenga mu queue (mzere wa mauthenga odikira), thread ina (gawo la pulogalamu loyenda palokha pambali) imautenga n'kulemba mu database, kenako test imayang'ana ngati zalembedwa. Sleep ndi kulosera chabe. Mukulosera kuti thread inayo imaliza m'masekondi asanu. Pa laputopu panu imamaliza msangamsanga, ndiye test imangokhala duu kudikira zopanda pake. Pa seva ya CI (makina amene amayendetsa okha ma test code ikasinthidwa), imene ikusenzanso ntchito za anthu ena nthawi yomweyo, tsiku lina idzachedwa kuposa pamenepo ndipo test idzagwanso. Ndiye mudzaikapo 10000? Mwachedwetsa aliyense ndipo vuto likadali pomwepo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabweza: test imene ikudutsa lero n'kugwa mawa code isanasinthe sikunama ayi. Ikukuuzani kuti penapake pali zinthu ziwiri zimene zikuthamangitsana, ndipo inu simukudziwa kuti chiyambe kufika n'chiti. Mwina vuto lili mu test momwemo, mwina lili mu pulogalamu imene mukufuna kupatsa makasitomala. Simungadziwe musanafufuze. Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu m'malo momumvera mukumutseka pakamwa.

Tengani count++ wosavuta uja, lamulo lowonjezera 1 pa nambala. Pamaso ndi chinthu chimodzi, koma kompyuta imawerenga nambala, kuwonjezera, n'kulembanso. Ma thread awiri akawerenga 7 nthawi imodzi, onse alemba 8, ndipo imodzi yatayika popanda phokoso. Nthawi zambiri samakumana, n'chifukwa chake test imadutsa. Tsiku limene akumana, test imagwa, inu n'kumati "yayambanso ija". Ayi, tsiku limenelo ndiye yagwira ntchito yake! Mu Java, AtomicInteger ilipo yothetsera vuto lomweli. ConcurrentHashMap, yosungiramo zinthu zogawana ma thread, ilipo, koma anthu akugawanabe HashMap wamba pakati pa ma thread. SimpleDateFormat, yolembera madeti, yalembedwa m'malangizo a Java momwemo kuti si yogawana, ndipo DateTimeFormatter, imene ndi yogawanika, inabwera ndi Java 8 mu 2014, komabe ndimaipezabe yakale ija ili static, kutanthauza imodzi yogawana, pakati pa ma test oyenda limodzi.

Musaganize kuti ndi ine ndekha wokwiya. Mu 2014 ofufuza a ku University of Illinois anasanthula zosintha 201 zimene anthu anachita pokonza ma test osakhazikika m'mapulojekiti a Apache. Chimene chinaposa zonse chinali chomwechi, kudikira molakwika ntchito ya async (yochitika pambali, pa nthawi yake), pafupifupi 45 peresenti ya zimene anazigawa m'magulu. Kulimbana kwa ma thread kunatsatira ndi 20 peresenti. Google nayo inanena mu 2016 kuti pafupifupi 16 peresenti ya ma test ake inali ndi kusakhazikika kwina kwake. Matendawa ndi odziwika kalekale, mankhwala ake ndi odziwikanso, ndipo sleep salipo pa mankhwalawo.

Dikirani chinthu chenichenicho, osati wotchi. Ngati mukufuna kuti mzere uoneke mu database, gwiritsani ntchito Awaitility, chida cha Java chodikirira, iziyang'ana mobwerezabwereza mpaka mzerewo uoneke kapena nthawi imene mwaika ithe. Zikayenda bwino imaliza pomwepo, zikavuta ikuuzani chimene chasowa. Ngati thread inayo ili m'manja mwanu, ikani CountDownLatch (chotchinga chimene test imaimapo), ntchito ikatha ndiyo idzutse test. Muli ndi Future (lonjezo la zotsatira zimene zikubwera), idikireni. Code imene imadalira nthawi, ipatseni wotchi yabodza imene mungaisunthe nokha. Jest ya JavaScript ili ndi fake timers, Kotlin ili ndi runTest imene imadumpha delay osagona ngakhale sekondi imodzi. Olemba mu Go alibe n'chowiringula chomwe, go test -race yogwira ma thread olimbana ilipo kuyambira 2013.

Ndipo chonde, chonde, siyani kuika assert (mzere woyeza ngati zotsatira zili zolondola) mkati mwa thread ina. JUnit, chida choyendetsera ma test mu Java, imayang'anira thread imene ikuyendetsa test. Assert ikagwera kwinako, kulephera kwake kumafera komweko, test n'kuoneka yobiriwira ngati yadutsa. Ndiye pali ma test amene amagwa popanda chifukwa chooneka, palinso ena amene sangagwe ngakhale pulogalamu itaola. Achiwiriwa ndiwo amandiopsa kwambiri. Tengani zotsatira, mubwere nazo ku thread ya test, muziyeze kumeneko.

Ndikudziwa, deadline. Tonse tili nayo.

Koma batani la Re-run lija, loyendetsanso ma test, latipusitsa. Yafiira? Dinani. Yafiiranso? Dinaninso. Yabiriwira, merge, tiyeni ku nkhomaliro. Ena afika poika rerunFailingTestsCount mu Maven kuti makina azidzidinira okha, munthu asaone n'komwe kuti china chake chinagwa. Mapeto ake timu yonse imazolowera kuti kufiira sikutanthauza kanthu, ndipo tsiku limene bug yeniyeni yalowa, aliyense amadina Re-run monga mwa nthawi zonse. Pa 14 Ogasiti 2003 anthu pafupifupi 50 miliyoni ku America ndi Canada anakhala mumdima, ndipo chimodzi mwa zimene zinakulitsa ngoziyo chinali race condition (kuthamangitsana kuja kwa magawo a pulogalamu) imene inaumitsa ma alamu m'chipinda choyang'anira magetsi ku Ohio. Ogwira ntchito sanadziwe kuti ma alamu afa. Bug ya mtundu umenewo imaonekera kamodzikamodzi, zinthu zikangogwirizana mwatsoka. Test yanu ikaigwira kamodzi, mwachita mwayi, osati yakusokonezani.

Ngati lero mulibe nthawi yokonza test yovutayo, ichotseni pa mzere, mutsegule tikiti, mulembepo dzina la munthu woti aikonze. Zimenezo ndingazimve. Koma kuiphimba ndi sleep n'kulemba kuti mwakonza, ayi.

Ndipo pakadali pomwepa, inu a "pa laputopu panga zikuyenda". Laputopu yanu ili ndi ma core ambiri, sikuchita china chilichonse, database ili momwemo. Makasitomala sadzagwiritsa ntchito laputopu yanu. Ndikamvanso mawu amenewo pa standup, kamsonkhano kathu ka tsiku ndi tsiku, ndidzakupemphani kuti muinyamule mukaiike mu data centre, muzikhala pambali pake usiku wonse.