Tisanamukwapule, timufunse wagona nthawi yanji

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7, ndipo nkhani iyi yandivuta mumtima kwa nthawi yaitali. Ana ambiri a zaka 11 mpaka 14 amene timawanena kuti ndi amwano, akusenza mavuto a makolo awo.

Ndinali ndi mnyamata wa zaka 13 m'kalasi mwanga, wofatsa, wolemba mwaukhondo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, geni ya mayi ake inalowa pansi. Teremu yotsatira mwana uja anasinthiratu. Ankagona pa desiki, ankamenya anzake chifukwa cha cholembera chabe, ankayankha aphunzitsi mwachipongwe. Anzanga ena anagamula msanga kuti wayamba chamba.

Tsiku lina anzake ataweruka ndinamuuza kuti atsale. Sindinamufunse za ndewu ayi, ndinangomufunsa kuti dzulo anagona nthawi yanji. Anati tambala atalira. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, khoma lapakati silifika kudenga. Usiku uliwonse bambo ndi mayi amakangana za ndalama ya katapila, ndipo iye amamufunditsa mng'ono wake chitenje kumutu kuti asamve. M'mawa wangongole akagogoda, ndi iyeyo amene amatumidwa kukanena kuti "bambo achokapo".

Mwana wa msinkhu umenewu akumva zonse, koma alibe mawu onenera kuti akuchita mantha. Manthawo amatuluka ngati ukali. Kholo nalonso likapanikizika silichedwa kupsa mtima. Mwana akalakwitsa pang'ono, chikwapu. Chikwapucho chikumuumitsa mtima, mawa alakwitsa chachikulu. Atsikana ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ambiri samenya munthu. Amangokhala duu, kuyamba kujomba, ife n'kumati ndi aulesi.

Sindikuweruza kholo lililonse. Kusowa ndalama kumawawa, ndikukudziwa. Koma makolo anzanga, nkhani za ngongole ndi za banja tizikambirana ana ali kutali, ndipo tisawasandutse amithenga a mabodza athu. Pakhomo pakafika pomenyana, amayi a mother group alipo pasukulu, ndipo nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere.

Mayi a mnyamata uja nditawaitana n'kuwafotokozera, anakhala chete nthawi yaitali akupotokola nsonga ya chitenje. Kenako anati, "Aphunzitsi, ine ndimayesa amakhala atagona."