Asiyeni agogo avine

Pali khalidwe lina lomwe likundiwawa kuno ku Mangochi. Ng'oma ya manganje ikangolira, mayi wachikulire n'kudzuka, kumanga chitenje m'chiuno, pomwepo zidzukulu zayamba kumukoka dzanja: "Agogo, khalani pansi, mutichititsa manyazi." Manyazi ake ati? Anamwali atuluka kundagala ali bwinobwino, mudzi wonse ukusangalala, ndiye amene anabereka mtundu wonsewo azingoonerera ali pamkeka?

Inenso imvi zandipeza, ndipo mawondo amayamba adandaula ndikamadzuka m'mawa. Koma wezulo ya beni ikalira, mapewa amayamba okha kugwedezeka ndisanaganize n'komwe. Ndikaona atsikana akusewera jingo pamchenga kugombe madzulo, fumbi lili m'miyendo, kuseka mpaka kugwa, mtima umandiuza kuti nditule dengu la usipa ndilumphe nawo. Chilakolako chimenechi sichinathe pomwe ndinayamba kutchedwa agogo, ndipo sindikufuna chithe.

Tikumbukenso komwe magulewa achokera. Beni anafala ndi asilikali a King's African Rifles pobwera kunkhondo ya 1914 mpaka 1918, n'chifukwa chake ovina amavala ngati asilikali ndi kuguba m'mizere. Gule ameneyu wafika lero chifukwa madala a ku Malindi, ku Namwera, ku Makanjira sanasiye kuponda pabwalo atakula. Mwana amaphunzira sitepe poona phazi la wamkulu. Tikawakhazika pansi onsewo, adzaonera kwa ndani?

Nanga za thanzi. Anzathu ambiri amsinkhu wanga akumwa mankhwala a BP ndi shuga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti wamkulu aliyense, ngakhale wopitirira zaka 65, azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso kuti okalamba azichita zowathandiza kusadzandira kuti asamagwe. Kumudzi kuno malo olimbitsira thupi tiwapeza kuti? Ng'oma ndiye ilipo, yosalipiritsa.

Ndikudziwa, ena mumaletsa chifukwa cha chikondi, mukuopa kuti agogo agwa kapena akomoka ndi dzuwa la kuno, makamaka mu Okutobala. Zimenezo n'zomveka. Ndiye apatseni madzi akumwa, aikireni mpando pamthunzi wa mango kuti akatopa apumule, muime pafupi nawo. Koma akadzuka okha kulowa m'bwalo, ana anga, musawakoke chitenje. Aombereni m'manja, ndipo amene akudziwa kuimba nthungululu aimbe.